Tsiku Lomwe Ndinayeza Apongozi ndi Pensulo

Alendo akafika kwanga ali wefuwefu amandifunsa chomwe ndinaonako kuti ndimange nyumba kutali chonchi. Ndimawayankha kuti ndimakonda kamphepo. Limenelo ndi bodza loti mlendo amwe madzi mwamtendere. Malowa sindinasankhe ndine, ndipo nkhani yake inayamba ndi pensulo.

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale muno m'chigwa cha Domasi. Kwathu ndi ku Thyolo, koma ndinakwatira konkuno, ndipo poti nyumba za aphunzitsi zinatha ine ndisanafike, ndinalowa chikamwini. Nthawi imeneyo ine ndi mkazi wanga tinkakhala m'kanyumba komwe kale ankasungiramo matumba a mpunga, kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Apongozi angawo anali atalonjeza kutipatsa malo omangapo nyumba pafupi ndi msewu, pamene pali mtengo wa mango ndi polo ya magetsi. Njerwa ndinali nditaumba kale. Chinkangotsala n'choti aloze malire akamaliza kukolola mpunga.

Apongozi anga ndi munthu wa mwambo. Ena masiku ano amadyera mbale imodzi ndi akamwini awo, mpaka kujambulitsa nawo pafoni, koma iwo ayi. Tikakumana panjira amapatuka n'kukanjuta chapatali, moni n'kumayankha akuyang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu amauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo ndikumva. (Nkhope yawo ndimaidziwa bwino chifukwa cha chithunzi cha paukwati.) Sikudana ayi, ndi ulemu. Ine zinkandikomera, chifukwa mkamwini amene apongozi ake amamuthawa sakalipiridwa pafupi.

Teremu imeneyo ndinkaphunzitsa ana a Sitandade 7 kujambula zinthu monga momwe diso limazionera: chapafupi chimakula, chakutali chimachepa, ndipo mbali ziwiri za msewu zimanka ziyandikana mpaka kukakumana pa kadontho kutali uko. Pabolodi zinakanika. Ana ankajambula nyumba yooneka makoma onse anayi ndi denga lomwe, ngati katoni yophwasula. Mtsikana wina dzina lake Yankho anajambula basi yakutali yaikulu kuposa njinga yapafupi.

"Basiyi ili kutali, Yankho. Bwanji yakula chonchi?"

"Koma aphunzitsi, basi ndi yaikulu. Ndiname?"

"Musamajambule zimene mukudziwa," ndinauza kalasi yonse. "Jambulani zimene mukuona."

Mawu amenewa ndinawamva kukoleji, ndipo ndinawanena mutu uli m'mwamba ngati ndawapeka ndekha. Kenako ndinaganiza zoti titulukire panja, anawo akaone okha. Njira yowongoka kuposa zonse m'dera lathu ndi imene imadutsa pakati pa minda ya mpunga kumudzi kwa mkazi wanga: ngalande uku, ngalande uku, nthochi m'mbali zonse, ndiye kumapeto kwake phiri. Munthu wofuna kuphunzitsa mizere sangapemphe zoposa pamenepo.

Tinafika dzuwa litakwera, amayi ali kalikiliki kumweta mpunga. Pakati pa njira panali apongozi anga, atasenza mtolo wa mpunga. Atangondiona anachita zawo za masiku onse. Koma poti m'mbali munali ngalande, analibe kopatukira. Anatula mtolowo, n'kutembenuka, n'kuyenda mpaka kumapeto kwa njira, n'kukakhala pachitsa kudikira kuti mkamwini adutse.

Mkamwiniyo sankadutsa. Anakhazika ana pansi n'kuyamba kugawa mapepala.

Pafupi ndi ife panali Anambewe, amene munda wawo unagundana ndi wa apongozi. Awiriwa amakangana za madzi chaka chilichonse, wina akatseka ngalande wina n'kukatsegula, ndipo kutchalitchi amakhala mabenchi osiyana. Anambewe alibe mkamwini woti amuthawe pakati pathu, ndiye anabwera kudzaima kutsogolo kwenikweni kwa kalasi, manja ali m'chiuno, kuti aone zomwe sukulu yabweretsa kumunda.

Ine nditayang'ana ndinangoona mwayi. Amayi awiri, msinkhu wofanana, onse atavala zitenje, wina pafupi wina kutali, njira yowongoka pakati pawo. Mphunzitsi mwa ine anadzuka. Mkamwini mwa ine anali mtulo.

"Tengani mapensulo," ndinatero. "Wongolani mkono. Tsinzinani diso limodzi. Chala chachikulu chiziyenda papensulo, muziyeza kutalika kwa chinthu."

Ndinayamba ndine kuti aonere. Ndinaloza Anambewe. "Mwaona? Mayi ali apawa atenga pensulo yonse." Kenako ndinatembenuza mkono, diso limodzi lili chitsinzinire, n'kuloza kumapeto kwa njira. "Koma mayi ali ukowo sakukwana ndi chikhadabo chomwe."

Kalasi yonse inawongola mikono. (Pano ndikupemphani muime kaye pachitsa paja, muone zimene apongozi anaona: mkamwini wawo, bambo wa mdzukulu wawo, akuwaloza ndi kamtengo uku akuwatsinzinira diso, ndipo kumbuyo kwake ana a mudzi wonse akuchita chimodzimodzi.)

Yankho anatsitsa mkono wake pang'ono. "Aphunzitsi, si apongozi anu amene aja?"

"Pano palibe apongozi," ndinayankha. "Pano pali mizere."

Anambewe anamva. Ndinawaona akugwira pakamwa, koma ndinkaganiza kuti akugoma ndi maphunziro.

Ana anayamba kujambula, ine n'kumazungulira. Ambiri, chifukwa analeredwa bwino kwawo, ankajambula apongozi aakulu ndithu, ena mpaka kuwaikira duku looneka mfundo yake. Ine ndinkangoti, "Fufuta. Akula kwambiri. Fufutanso. Akhale ngati kanjere ka mpunga." Mawu anga ndi a mphunzitsi, amamveka ngakhale kuseri kwa nthochi. Amene anawachepetsa kwambiri ndinkawachongera ndi cholembera chofiira, n'kuwauza anzawo kuti awaombere m'manja. M'manja munaombedwa kangapo.

Titatsala pang'ono kumaliza, Anambewe anasendera kuti aone pepala lomwe ndinajambula ine monga chitsanzo.

"Aphunzitsi, tandionetsani. Ineyo ndine uyu?"

"Ndinu amenewo, mayi."

"Ee, mpaka ndolo zomwe! Nanga anzanga aja ali pati?"

"Awa apa."

"Kadontho aka?" Anakayang'anitsitsa kwa nthawi. "Sukulu ndi yabwino, aphunzitsi. Mundipatse kapepalaka, ndikakhome kunyumba."

Munthu akayamikira luso lako mtima umafewa. Ndinawapatsa, n'kulembaponso dzina langa m'munsi monga amachitira akatswiri. Ana nawo ndinawauza kuti atenge zojambula zawo akaonetse makolo. Tinabwerera kusukulu tikuimba. Sindinacheuke kuti ndione ngati munthu wa pachitsa uja wadzuka.

Madzulo ndinapeza mkazi wanga akutsuka mbale zomwe zinali zotsukatsuka kale.

"Bambo a Tadala, lero munali kuti?"

"Kumunda, ndi ana. Phunziro layenda bwino kwabasi."

"Layenda ndithu. Lafika kuchigayo, lafika kumjigo, pano lili kwa amayi a tchalitchi. Anambewe akuyenda nalo m'chitenje." Anaika mbale pansi. "Amayi sanadye. Akuti kuyambira pomwe anabadwa sanatsinziniridwepo diso ndi mwamuna wina kupatula malemu bambo anga."

Ndinafuna kufotokoza za mizere, koma anakweza dzanja. Anandiuza kuti nyumba iliyonse yomwe ili ndi mwana wa Sitandade 7 ili ndi chithunzi cha Anambewe ataima ngati mlambe, apongozi anga ali kadontho, ndipo pamwamba pake pali chizindikiro chofiira cha mkamwini chosonyeza kuti zili bwino. Apa m'pamene mkamwini mwa ine anadzuka, n'kukumbukira mtengo wa mango ndi polo ya magetsi.

Nkhani inapita kwa a Likaka, atsibweni ake a mkazi wanga, amenenso ndi ankhoswe a banja lathu. Tinakhala pakhonde Loweruka masana. Apongozi anakhala chapatali pafupi ndi nkhokwe, atatipatsa msana. A Likaka ndi munthu wofatsa, wokonza mawailesi, ndipo milandu anaiwerenga ngati akutchula zida zomwe zapsa: kuloza munthu wamkulu, kutsinzinira diso apongozi, kuphunzitsa ana a eni kuchita zomwezo, ndi kupereka chithunzi m'manja mwa Anambewe.

"Ndiye tatiuzani, aphunzitsi, chinachitika n'chiyani?"

"Atsibweni, nkhaniyi ndi ya diso basi. Munthu akakhala kutali amaoneka wamng'ono. Ngakhale inuyo, nditati ndikuyezeni kuchokera pano..."

Mkono wanga unali utawongoka kale, diso limodzi litatsinzina. Mkazi wanga anaugwira n'kuutsitsa ngati akutsitsa nthambi. A Likaka anayang'ana pansi, mapewa akugwedera, koma anatsokomola kuti zioneke ngati chifuwa.

Kenako apongozi analankhula, osatembenuka, mawu akupita kwa mwana wawo monga mwa nthawi zonse.

"Tawafunsa, Eneles. Ine kutali kuja ndinapita chifukwa cha ndani?"

Mkazi wanga sanavutike n'kubwereza funsolo. Ndinali nditalimva.

"Ndinasiya mtolo wanga panjira, mbuzi n'kumadya. Ndinakhala pachitsa dzuwa lonse lija kudikira kuti akamwini anga adutse. Ndiye ukawauze kuti ndamva. Wopereka ulemu ndiye amachepa. Wobwera kudzaima pamphuno pawo ndiye amakula."

Ndinachita manyazi, ndipo ndinawamvera chisoni. Zoti mbuzi zinadya mtolo uja sindinkazidziwa. Ndinaujambula bwinobwino pakati pa njira, ndi mthunzi wake womwe, osadzifunsa kuti mwini wake wausiyiranji.

Chigamulo chinali chakuti ndipereke nkhuku, komanso ndijambule chithunzi china chomwe apongozi aoneke monga munthu. Ndinafunsa mwaulemu ngati angalole kukhala pafupi kuti ndiwaone bwino. Yankho linabwera kudzera mwa mkazi wanga: mwambo sunasinthe chifukwa choti mkamwini wapenga. Akakhala pachitsa pomwe paja, ine ndikaime pomwe ndinaima paja.

Ndinajambula. Njira yomweyo, nthochi zomwezo, mizere ikukakumana kutali monga mwa lamulo. Koma pamene panayenera kukhala kadontho panakhala apongozi anga, mutu utapitirira phiri, duku likugunda mitambo. Anambewe ndinawaika kutsogolo, aafupi kuposa mtolo wa mpunga. Chilichonse chomwe ndinaphunzira kukoleji ndinachiphwanya papepala limodzi, n'kusainanso. Apongozi anachiika m'felemu, ndipo chili pabalaza pawo moyang'anana ndi chitseko, kuti wodutsa panjira azichiona. Yankho atachiona anandipeza kusukulu.

"Aphunzitsi, chithunzi chija mwajambula zimene mukudziwa."

Ndinamuuza kuti akafufute bolodi.

Ine ndinkayesa kuti nkhani yatha. Mpunga utalowa m'matumba, a Likaka anabwera m'mawa ndi khasu kuti akandionetse malo. Tinafika pamtengo wa mango, ine n'kuima. Iwo sanaime. Tinadutsa polo ya magetsi, n'kulowa njira ya m'minda ija. Tinayenda, nthochi zikutha, nyumba za m'mudzi zikunka zichepa kumbuyo kwathu monga momwe ndinkaphunzitsira. Kumapeto kwenikweni a Likaka anagunda chitsa ndi khasu.

"Achemwali akuti mumange pano."

"Pano, atsibweni?"

"Akuti malowa anakhalapo nthawi yokwanira, anawaona kuti ndi abwino."

Njerwa ndinatuta pawilibala. Malo a pamsewu aja anapatsidwa mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga, wowotcherera zitsulo, munthu amene sangajambule ngakhale dzira. Usiku kwake kumawala magetsi.

Phunziro lija ndimaphunzitsabe, koma ndi mapolo a magetsi ndi mizere ya chimanga basi, zinthu zopanda achibale. Ngakhale zili choncho, ndisakubisireni: kuchokera pakhonde panga njira ija imaoneka bwino kuposa kuchokera mbali inayo, ndipo mizere yake imakakumana pakhomo penipeni pa apongozi. Masiku ena mkono umafuna kudzuka wokha, ndimachita kuukhalira.

Apongozi sanasiye ulemu wawo. Tikakumana amapatukabe, moni amayankhabe akuyang'ana kumbali. Koma m'mawa wina ndikutuluka kupita kusukulu ndinaona kamunthu kutali uko kataima pakhonde, mkono utawongoka kuloza kwathu. Madzulo ndinafunsa mkazi wanga kuti mayi ake amatani.

"Amakuyezani," anatero, akupitiriza kupeta mpunga. "Akuti phunziro lanu lija ndi loona. Simukwana ndi chikhadabo chomwe."