Mwana wa Ahedi ku Chiparamba

Lolemba

Tafika ku Chipata. Tikugona pa loji ina ku Kapata, fani yakufa, m'chipinda ngati mu uvuni. Yunivesite yatituma anthu anayi kudzachita kafukufuku wa kadyedwe ka m'midzi. Dziko lonse kukula chonchi, aphunzitsi atisankhira kuti? Ku Chiparamba. Kwathu kwenikweni!

Vuto ndi ili. Zaka zitatu ndakhala ndikuuza anzangawa kuti ndine mwana wa ahedi a pa mishoni, nyumba ya magetsi, mabuku mpaka kudenga. Zoona zake: bambo anamwalira ndili wamng'ono, amayi amalima mtedza ndi thonje. Bodzali linayamba sabata yoyamba, nditagwada popereka pepala kwa aphunzitsi. Holo yonse inafa ndi chiseko. Kuyambira tsiku limenelo ndine mwana wa ahedi.

Anzanga a ulendo uno:

Chanda, dzina lina Sindinawerenge. Mayeso aliwonse amalira kuti sanatsegule buku, zotsatira zikatuluka ali pamwamba. Mfiti yeniyeni.

Mubita, timamutcha Pulezidenti. Suti ndi tayi dzuwa lonseli. Amagwira chanza aliyense, ngakhale kondakitala.

Natasha wa kumayadi. Madzi a m'botolo, foni m'manja, mbuzi ikadutsa akufuna aijambule.

Kusukulu kwathu aliyense anali nambala wani kumene anachokera, ndipo palibe amene anachira matenda amenewo, ngakhale ine.

Pulani yanga:
1. Kulankhula chinyanja chopotoka cha ku Lusaka.
2. Chipewa chachikulu ndi magalasi akuda.
3. Mudzi wathu tisaupondemo.
4. Amayi asadziwe kuti ndili kuno.

Lachiwiri

Mudzi woyamba, kutali ndi kwathu. Pulezidenti akuyamba ndi sipichi. Agogo ena akufunsa ngati tabwera ndi feteleza. Chanda akuti mafunso a kafukufuku wathu sanawaone n'komwe, kenako akuwalakatula onse pamtima, mpaka nambala ya tsamba.

Palibe amene akumva zomwe anthu akuyankha. Mayi wina akuti ndiwo amadya chigwada, Natasha akulemba kuti anthu kuno amadya atagwada. Mtima wandipweteka, ndalowererapo. Pakamwa pangotseguka pokha, Chichewa cha kwathu chikutuluka chosalala, mpaka mayiyo akuti, "Koma inu ndinu akonkuno eti?"

Ndauza anzanga kuti ndinaphunzira kwa wantchito wathu. Wantchito wathu! Mulungu andikhululukire. Nambala 1 ya pulani yanga yagwa, ndipo tsopano ndine womasulira wa gulu.

Lachitatu

Pa chigayo. Natasha akufuna chithunzi cha azimayi atasenza ufa. Ine ndaima kuseri kwa mtengo, chipewa mpaka m'mphuno.

"Iii, si mwana wa Naphiri uyu? Wabwera liti iwe?"

Amake Veronika! A kwaya ya kutchalitchi kwathu, pakamwa ngati wailesi. Ndayankha mu Chingerezi kuti andifananiza. Mu Chingerezi, kwa munthu amene anandibereka kumbuyo pa ubatizo wanga. Andiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, akuti, "Pepani, madamu, maso akalamba." Asenza thumba lawo, ulendo.

Magalasi achabechabe. Ndipo nkhani imeneyi ifika kwa amayi ufawo usanazizire.

Lachinayi

Chanda watulukira kuti midzi ndikusankha ndine ndekha, akuti si sayansi imeneyo, aphunzitsi atidula mamalikisi. Munthu amene sawerenga! Akuti tilembe mayina a midzi pa timapepala, titole mwamaere. Atola m'chipewa changa chomwe. Watuluka mudzi wathu.

Zifukwa zimene ndapereka:
msewu ndi woipa;
kuli agalu olusa;
anthu ake ndi amwano.

Pulezidenti akuti tivote. Atatu kwa mmodzi. Akundigwira chanza, akuti demokalase yapambana. Tayi yake ndikanamumanga nayo pa mtengo.

Foni ya amayi yalira kawiri masana. Ndangoiyang'ana mpaka yasiya. Kachitatu sanaimbenso.

Lachisanu

Nyumba yachisanu ndi chiwiri pa mndandanda ndi yathu. Amayi ali pakhonde, akuswa mtedza wa mbewu. Chitseko chotseka, chomwe masana sichitsekedwa. Ndikudziwa chifukwa chake: m'katimo muli chithunzi changa pakhoma.

Akuyala mphasa. Akupereka moni kwa mmodzimmodzi. Afika pa ine. Mawondo akufuna kupinda okha, ine ndikuwaumitsa, ndaima njo ndi fayilo pachifuwa.

"Takulandirani, madamu. Mwayenda bwanji?"

Madamu. Inu. Chibadwire changa amayi sananditchulepo inu. Ndine iwe: iwe tatunga madzi, iwe usagone ndi njala, iwe werenga usadzalime ngati ine.

Ndikufunsa mafunso, ndikumasulira mayankho. Mumadya kangati patsiku? Kawiri. Nyama? Mwa apo ndi apo. "Nkhuku zinalipo, madamu, koma zinapita kusukulu ndi mwana wina wa anthu." Ndamasulira kuti nkhuku zinafa ndi chitopa.

Funso lakhumi: muli ndi ana angati?

"Atatu."

Tilipo anayi. Ndadikira kuti mwina awonjezera. Akungoswa mtedza. Ndanena ndi pakamwa panga mu Chingerezi kuti atatu, Chanda walemba.

Potsanzikana atipatsa mtedza, aliyense mbale imodzi yofanana. Yanga sanaonjezeremo ngakhale kanjere kamodzi. Natasha akuti mayi ameneyu ndi wokoma mtima kuposa onse amene taonana nawo. Pulani yanga yodzibisa kwa anzanga yatheka bwinobwino, ndipo aithandiza ndi amayi.

Loweruka

M'mawa pa loji, Natasha akukuza pa foni zithunzi za amayi zimene anajambula dzulo. Akuyang'ana foni, akuyang'ana ine. Mpata wa mano womwewo, mphumi yomweyo. Ndatopa, ndaulula zonse.

Ndimayembekeza chiseko cha mu holo chija. Ayi ndithu!

Natasha akundikumbatira, akuti nkhani yanga ndi yogwira mtima, aiike pa intaneti anthu alimbikitsidwe.

Pulezidenti akuti chaka chamawa ndiime naye pa chisankho cha bungwe la ophunzira, mwana wa mlimi amabweretsa mavoti. Akuti iyenso agogo ake anali ndi ng'ombe.

Chanda kukhumudwa kwake kosaneneka! Akuti mayankho a nyumba yathu atayidwe, wofunsa ndi woyankha ndi pachibale, komanso chiwerengero cha ana ndi cholakwika. Wang'amba pepalalo. Akuti iye anazindikira kale Lachitatu, koma samafuna kutaya womasulira.

Basi. Pofika masana akukangana za amene dzina lake liyambe pa lipoti. Zaka zitatu ndikubisala kwa anthu amene sanandiyang'anepo n'komwe, aliyense ali kalikiliki kudziyang'ana yekha. Ndakana mayi anga chifukwa cha anthu awa. Awa!

Lamulungu

Basi ya ku Lusaka inyamuka madzulo. M'mawa ndakwera njinga ya kabaza ndekha, wopanda chipewa. Ndafika anthu atangoweruka ku Misa. Amake Veronika andiona panjira, ayang'ana kumbali.

Amayi ali pakhonde, akadali ndi chitenje cha kutchalitchi. Ndakhala pansi pafupi ndi lichero, ndayamba kuswa nawo mtedza. Ndati, "Amayi, ndalakwa." Mawu ena onse amene ndinakonza panjira athawa.

Ndimafuna andikalipire. Anditukwane, anditchule chitsiru, mudzi wonse umve, bola anene kuti iwe.

Aimirira, alowa m'nyumba, atuluka ndi mpando uja timasungira abambo mfumu a kutchalitchi akabwera kudzayendera odwala. Aupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Khalani apa, madamu, pansipo pali fumbi. Kapena munaiwala funso lina?"

Alanda mtedza m'manja mwanga mwaulemu, akuti ungandidetse zala. Andipatsa madzi m'kapu ya alendo, ndi manja awiri.

Ndakhala pampandopo mpaka wa kabaza wabwera kudzanditenga.