Malaya a Makiyi Achikasu

Pali tsiku limene mphunzitsi amakhoza ntchito yake mpaka kudzipweteka nayo yekha. Langa linandipeza nditavala bwino.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine ndinaphunzira zojambula pa koleji ina ku Harare. Sindinamalize (akolejiwo anaona kuti zomwe ndinkadziwa zakwana, ine sindinatsutse). Nditabwerera ku Tengwe, sekondale ya pafamu inanditenga ngati ticha wongogwirizira. Ana a fomu 3 ndinkawaphunzitsa kuwerenga zithunzi: chifukwa chake chimanga cha pathumba la mbewu chimanenepa kuposa cha m'munda, chifukwa chake botolo la mankhwala a fodya lili ndi chigaza. Lamulo langa linali limodzi: wojambula saika chinthu mwangozi.

Temu ili pafupi kutha, ahedi anati komiti ya makolo ibwera kudzaonerera phunziro langa, kenako igamule ngati ndipitirize kapena ndibwerere kukasankha fodya kushedi. Wapampando anali Che Yusufu, eni golosale ya m'komboni, munthu amene amaseka pa Idi pokha.

Mlandu wotere umafuna malaya. Ndinapita kwa Amina, mwana wa Che Yusufu omwewo, amene amasoka pakhonde la golosale. Anati ali ndi nsalu yotsala, yabuluu ya makiyi achikasu. Ndinavomera osafunsa kuti yatsala pa chiyani.

Tsikulo makolo anakhala pamabenchi kumbuyo, azimayi a m'komboni nadzaza m'mawindo. Ndinapachika chithunzi chotsatsa sopo, ana nachisenda ngati nthochi. Wina anati thovu alichulutsa dala kuti tisaone kuchepa kwa sopoyo. Wina anati manja a mayi wa pachithunzipo sanathyolepo fodya. Ahedi ankangogwedeza mutu. Munthu wanzeru akanakhala pansi pomwepo. Ine ndinatambasula manja n'kuuza ana kuti awerenge chilichonse chimene akuona m'kalasimo.

Rudo, mtsikana wa benchi yakutsogolo amene salakwa funso, anaimirira.

"Ndiwerenga malaya anu, Ticha."

Ndinamulola (ndinatembenukanso pang'ono kuti aone ndi kumsana komwe).

Anayamba bwino: buluu ndi kudekha, makiyi ndi kutsegula nzeru. Kenako anati thumba lasokedwa kumanzere, pamtima, ndi ulusi wofiira, pomwe kwina konse ulusi ndi wakuda. Atatero analoza pawindo. Amina anali pomwepo, atavala diresi labuluu, makiyi achikasu kuyambira paphewa mpaka kumapazi.

Inu amene simunakulire m'komboni, dziwani kuti mwamuna ndi mkazi akavala nsalu imodzi pagulu, palibenso chofunsa. Chotsala n'kumva tsiku loti ankhoswe akumane.

Ndinayesa kufotokoza kuti zangochitika.

"Koma Ticha," anatero Rudo modekha, "munati wojambula saika chinthu mwangozi. Ndiye tilembe ziti?"

Ana onse anagwira zolembera kudikira yankho. Ndikanati ndi ngozi, ndiye kuti temu yonse ndakhala ndikuphunzitsa bodza, komiti ikumva. Ndikanati si ngozi, Che Yusufu anali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo. Ndinayang'ana pawindo kuti Amina andipulumutse. Iye ankakonza mpango wake, osafulumira n'komwe.

Ndinauza ana kuti alembe zomwe Rudo wanena. Mphunzitsi weniweni amafera phunziro lake.

Komiti sinachedwe kukambirana. Che Yusufu anandiitanira pansi pa mtengo wa musasa, nandiyang'ana kuyambira pakolala mpaka pathumba.

"Ana mwawaphunzitsa, izo taona tonse. Ntchito mupitiriza." Anakhosomola. "Pakhomo panga mukwasha wa ulova sindimufuna. Amalume anu abwere Loweruka." (Kuno mkamwini timati mukwasha.)

Phunziro ndinalitola ndithu. Masiku ano ndikamati werengani chilichonse, ndimaonjeza kuti cha pakhoma. Koma ndinene mosabisa: m'mafamu onse kuchokera kuno mpaka ku Karoi, sindinamvepo za ticha wina amene ana ake anamumvetsa mpaka kumupezera banja.