Bulugamu wa pa kasupe wa apongozi

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna kubisa nkhope m'chipewa, komabe imvani.

Nthawi ya atsamunda ndinali galadi wa nkhalango, wa kabudula wakhaki, nditangolowa kumene chikamwini ku Kanyenda. Bwana wathu wa folesiti ankatiuza kuti mitengo ya kumutu kwa mtsinje ndiyo imasunga madzi. Ine ndinangomva "mitengo" basi. Sindinafunse kuti iti.

Kuseri kwa mudzi kunali kakasupe ka apongozi anga, pomwe mkazi wanga Esitere ankatunga. M'chilimwe madzi ankachepa, iye n'kumadikira ndi chikho mpaka msana kuwawa. Zinkandimvetsa chisoni kwambiri. Ndiye ndinagwetsa mikuyu, n'kusenga bango lonse, ati ndi tchire, n'kubzala bulugamu wa boma mizeremizere.

"Muona, mayi! Posachedwa muzisambira pano!" ndinamuuza Esitere.

Bulugamu uja anakula ngati akuthamangitsidwa. M'mawa uliwonse popita ku ntchito ndinkasuzumira, madzi alimo, ngakhale mu Okutobala! Ndinayamba kuyenda modzitukumula, mpaka ndinaitana bwana kuti adzaone nzeru zanga.

Tsikulo tinafika ndi galimoto, nthawi yanga yodutsa isanakwane. Tinapeza Esitere ndi amayi ake, thukuta kamukamu, akukhuthulira mitsuko m'kasupemo.

Bwana anavula magalasi. "Galadi, kuno anthu amatunga kapena amathira?"

"Yes, bwana," ndinatero, osadziwa chomwe ndikuvomera. Kenako ndinanong'oneza Esitere: "Mayi, mukutani?"

"Mitengo yanu inamwa kasupe kalekale, bambo. Awa ndi a kudambo."

Kudambo! Mtunda woti ine ndemwe ndinkaudandaula pa njinga.

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Mumafika pano n'kumamwetulira nokha ngati mwana. Ndikanayambira pati?"

Misozi inalengeza m'maso mwanga, bwana ali pomwepo. Ndinkafuna kumupeputsira mtolo, koma ndinamuwonjezera ulendo, iye osadandaula ngakhale tsiku limodzi.

Apongozi, poti mwamwambo sitiyang'anana maso, anatembenukira bulugamu wamkulu kuposa onse n'kuyamba kulankhula naye mwaulemu wonse:

"Inu akumwa madzi, tawauzani anzanu amene anakubzalaniwo kuti nkhwangwa ili kuseri kwa nkhokwe. Ndainola kale."

Mwamuna mnzanga, ukaona zako zikuyenda bwino, yamba wafufuza amene akusenza mtsuko.