Miinjilo Itatu ya Mzungu wa ku Sasare

Pulani yonse inabadwila pa mowa wa amai Bernadette, kuseli kwa msika wa Nyimba, Lachitatu masana m'mwezi wa Ogasiti 1958, nthawi ya Chitaganya. Amene anaibala anali Eustace. Tinali kumutcha Dobi, chifukwa anachapila mzungu zovala zaka zisanu ndi ziwili ku Sasare, ndipo anali kulankhula ngati anawelenga mabuku onse a m'nyumbamo, pomwe iye anali kungowapukuta fumbi. Wachiwili anali Febian, dzina lake lina Mphepo, munthu waliwilo koma wamantha koopsa. Wachitatu ndinali ine, Whiteson Lungu, amene Nyimba yonse inali kunditcha Walale. Ndinapitadi ku Walale, dziko la kum'mwela lija, kukagwila nchito zaka zitatu, ndipo ndinabwelako ndi chipeso, kagalasi, ndi chifuwa.

Vuto langa linali Olipa. Ndinali nditamutomela kale, chikole analandila, moti amai ake ndinali nditayamba kale kuwathawa panjila monga achitila mkamwini aliyense woleledwa bwino. Koma amalume ake, a Daka, anandiitana nandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kuzala zakumapazi.

"Anzako ochoka ku Walale amabwela ndi jasi," anatelo. "Iwe wabwela ndi chipeso. Mwana wathu adzafunda chipeso? Pa Sondo likudzali ubwele utavala jasi, anthu aone kuti unali pa nchito. Ukalephela, aphunzitsi a Benson Sakala afunsila kale, ndipo iwo majasi ali nawo awili."

Ndiye ndinali kumwa mowa uja ndi misozi m'maso. Ndinali kumukonda Olipa, abale, ndisabise.

"Leka kulila, mampala iwe," anatelo Dobi. "Majasi apachikidwa m'sitolo ya a Njobvu, asanu ndi limodzi, ndawawelenga ndekha. Lachisanu masana basi ya ku Lusaka ikaima, mudala uja amatseka sitolo kupita kukalandila katundu. Chitseko chakumbuyo amangomanga ndi waya. Usiku pali mlonda ndi galu. Masana palibe ngakhale nkhuku."

"Masana?" Mphepo anatsamwa. "Nyimba yonse itidziwa, mudala. Ine ngakhale agalu amandipatsa moni."

Dobi anamwetulila ngati munthu amene anali kudikila funso lomwelo. Anakoka saka pansi pa benchi, namasula. Munatuluka zinsalu zitatu zakuda, zaubweya, zolemela, chilichonse chili ndi chipewa chosokeledwa kumbuyo kwa khosi ndi phini yamkuwa yomangila pakhosi. Mzungu wake anali kuvala zimenezo ndi anzake pochita masewelo a anthu akale ku Fort Jameson. Pobwelela kwao, azungu ena amasiyila wanchito njinga. Uyu anamusiyila Dobi miinjilo.

"Mabulangeti?" ndinafunsa.

"Pakamwa pako! Ichi ndiye chovala cha makolo a azungu, kalekale asanadziwe batani, pamene mafumu ao anali kumenyana pa akavalo. Ndinaziona m'buku ndi maso anga. Tamvelani. Saizi chilibe, wonenepa ndi woonda avala chimodzimodzi. Manja chilibe, ndiye sichithina pakhwapa. Kukazizila ndi jasi. Ukagona ndi bulangeti. Ukafuna kukhala ndi mphasa. Mvula ikagwa mumalowamo awili, iwe ndi mkazi wako, osanyowa ngakhale khutu. Manje kwa ife anthu a nchito yapadela: ukagwetsa chipewa nkhope yasowa, ukatenga katundu ubisa mkati, manja saoneka. Azungu anachita uchitsilu kusiya chovala ichi."

Ndinavala chimodzi pomwepo. Chinandifika m'akakolo. Ndinatembenuka kamodzi, nsalu inazungulila yokha pambuyo panga, ndipo amai Bernadette anaimilila ndi chipanda m'manja, pakamwa yasa. Sindinamvepo ulemelelo wotelo chibadwile.

"Lamulo ndi limodzi chabe," anatelo Dobi. "Tikavala, palibe kulankhula. Nkhope tabisa, koma mau anu a mowa aliyense awadziwa. Wotsegula pakamwa ndimuponda."

Tinalumbila pa chipanda.

Lachisanu tinavalila kumsasa wa kumunda kwa Mphepo. M'mawa kunali kachisanu, ndipo ndinene zoona, mwinjilo unali kukoma. Koma Nyimba ndi Nyimba. Pofika pamsewu waukulu dzuwa linali pamutu, thukuta likuyenda m'miyendo mpaka m'nsapato. Ndipo kusaoneka kumene anatilonjeza Dobi kuja, ha! Anthu atatu akuda bii, opanda nkhope, opanda manja, akuyenda mondondozana masana dzuwa likuswa mtengo. Ogulitsa nthochi anasiya nthochi. Apaulendo anatulutsa mitu m'mawindo a basi. Mai wina anayesa ndife ansembe achilendo, anagwada pafumbi, ndipo Dobi, sikelemu uja, anatulutsa dzanja namudalitsa.

Kenaka wina anandigwila nsonga ya mwinjilo. Kuyang'ana pansi pa chipewa, nsapato zopukuta. Aphunzitsi a Benson Sakala, jasi lili pamkono.

"Pepani, bambo, moni," anatelo, akusisita nsaluyo ndi zala. "Ubweya weniweni uwu. Tsono msoko wake! Munagula kuti? Ku Bulawayo? Ine ndiyenda pa njinga m'mawa kupita kusukulu ku Luembe, jasi limandimanga m'mapewa. Ichi chingandiyenele. Bambo, tisinthane. Tengani jasi ili, n'latsopano, ine kunyumba ndili ndi lina."

Mwamva bwino. Jasi limene ndinali kupita kukaba linabwela lokha, pamkono pa mdani wanga, likundipempha kuti ndilitenge anthu akuona. Ndinali kungofunika kumasula phini imodzi. Koma Dobi anandiponda chala, ndinakumbukila lumbilo la pa chipanda, ndipo ndinapukusa mutu mwamphamvu ngati mbuzi yokana chingwe. Aphunzitsi anapepesa napita. Mumtima ndinadzitama kuti ndine munthu wosunga lamulo.

Kuba kwenikweni kunayenda bwino mochititsa manyazi. Anthu atabwelela ku basi yao, tinazungulila kuseli. Waya unamasuka ndi zala ziwili. Ine ndinasankha jasi lofiilila la mabatani akuluakulu, ndinalivala mkati, mwinjilo pamwamba. Mphepo anatenga shuga, sopo wamtanda ndi ketulo. Dobi anakumbatila galamafoni yonse ndi lipenga lake, moti anatuluka ngati mai wa pakati pa miyezi isanu ndi inai. Koma palibe chinaoneka. Pamenepo mwinjilo ndiupatsa ulemu mpaka lelo, nchito yake unagwila.

Tinatenga kanjila kotsikila kumtsinje, ine patsogolo. Mtima unali kuimba. Ndinali kudziona kale pa Sondo, ndikulowa pabwalo la a Daka, dzanja m'thumba, Olipa akusuzumila kuseli kwa nkhokwe.

Pokhota pa mtengo wa mkuyu ndinangoti maso gwa! Azimai asanu akukwela kuchoka kumadzi, mitsuko pamutu. Patsogolo pao amake Olipa.

Tsono apa mundimvetse. Nkhope yanga inali yobisika. Ndikanangodutsa, iwo akanapatuka okha ndi mantha. Mutu unadziwa zimenezo. Koma miyendo yanga inaleledwa ndi amai anga, siinapite ku Walale. Mkamwini sakumana maso ndi apongozi ake panjila. Ndisanaganize n'komwe, miyendo inandichotsa m'njila, inandiponya m'tchile, ndinanjuta, nkhope kumbali, ndipo manja anatuluka okha mu mwinjilo n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu. Phu, phu, phu.

Dobi ndi Mphepo poona ine ndadumpha anayesa ndaona apolisi. Anadumphila momwemo, galamafoni ndi ketulo zikulila.

Azimai anaima. Ndiye ndinamva mau a apongozi anga, odekha bwino.

"Anzanga, chinthu ichi chandiombela m'manja. Ine mkamwini ndili naye mmodzi chabe pa dziko lonse. A Lungu, mwaswela bwanji?"

Lamulo la Dobi kapena ulemu? Ndinayankha, kamau kang'onong'ono. "Taswela bwino, amai, kaya inu."

"Ife taswela. Koma mwakhala pa chitedze."

Ndinakweza maso. Pamwamba pathu, m'mbali mwathu, pansi pathu, nyemba za chitedze zili lende lende, zouma bwino ndi dzuwa la Ogasiti, ndipo ife atatu tinali titazigwedeza zonse. Amene sanalawe chitedze asaweluze munthu. Ubweya wake ukakugwela pakhungu, umayabwa mpaka umaiwala dzina la atate ako. Tsono chovala cha makolo a azungu chija chinasonkhanitsa ubweya wonse wa pa tchilelo, osataya ngakhale kamodzi, ndi kuutsekela mkati pamodzi ndi thukuta lathu. Izi m'buku la Dobi munalibe.

Anayamba ndi Mphepo. "Mayo ine! Ndapsa!" Ketulo uko, shuga uko. Dobi anayesa kulimba, galamafoni ili pamimba, akuvina pamalo amodzi, mpaka anaiponya nayamba kukanda ndi manja onse awili. Ine ndinalimbana ndi phini, ndinataya mwinjilo, ndinataya jasi lofiilila pamapazi penipeni pa apongozi anga, tikiti ya sitolo ikulendewela pa batani. Shati inatsatila. Kabudula anatsatila. Ulemu umene unandiponya m'tchile unathela pomwepo, ndinadutsa pakati pa azimai asanu monga ndinabadwila, kuthamangila kumtsinje. Tsiku limenelo Mphepo ndinamusiya kumbuyo.

Mwezi umenewo mtsinje umakhala mchenga ndi timadziwe. Tinapeza kadziwe kofika m'mawondo, tinakhalamo pansi atatu, tikudzikhula ndi matope ndi kutukwanana.

"Ndinati osalankhula!" anakuwa Dobi.

"Unati mafumu a azungu anali kuvala zimenezi!" ndinayankha.

"Kwao kulibe chitedze, mampala!"

Kuyabwa kutachepa tinati tithawe. Kutembenuka, azimai aja atsika, akhala pamtunda mwadongosolo, zovala zathu zili pa ndodo patsogolo pao, mmodzi yekha atatumidwa kukaitana a Njobvu ndi akapaso, asilikali a mfumu. Apongozi anga anakhala chotifulatila, mwaulemu wake. Panalibe chingwe, panalibe mfuti. Koma ndani akanaimilila? Tinakhala m'madzimo mpaka akapaso anafika, ndipo anachedwa kutimanga chifukwa cha kuseka.

Mlandu unakazengedwa ku boma ku Petauke. Sunatenge nthawi, mboni zinali basi yathunthu. Tinalandila miyezi isanu ndi umodzi aliyense, kutchetcha udzu ndi kuphwanya miyala. Koma chimene chinandipweteka si chimenecho. Potuluka m'khoti, a Daka anaima pa tebulo la umboni, anakhudza mwinjilo wanga mosamala ndi kansonga ka ndodo, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Whiteson," anatelo, "chinthu ichi unali nacho kale Lachitatu?"

"Inde, amalume."

"Ndipo unachivala kupita kukaba kajasi kaja?" Anapukusa mutu. "Ukanabwela nacho ichi pa Sondo, ndikanakupatsa Olipa ndi mbuzi pamwamba. Mu Nyimba monse palibe anavalapo chotele."

Miinjilo sinali yakuba, ndiye khoti linaibweza kwa mkazi wa Dobi. Iye anaiwilitsa mu mgolo kawili, naiyanika, ndipo anthu anayamba kubwela okha. Umodzi anatenga dalaiva wa lole, wina anatenga mlaliki wa ku Nyalugwe. Wanga mkazi wa Dobi anausinthanitsa ndi jasi la aphunzitsi, lomwe lija ndinalikana ndi mutu. Dobi anatuluka m'ndende n'kupeza jasi likumudikila pa msomali, ndipo analivala zaka khumi, akuuza anthu kuti pulani yake inabala zipatso.

Ine ndinatuluka mu Febuluwale. Lole inanditsitsa pa Nyimba mvula ikukhuthuka, ndilibe ngakhale saka yofunda kumutu. Ndinathamangila pakhonde la sitolo, a Njobvu anandithamangitsa, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango, madzi akulowa m'khosi kutulukila m'miyendo.

Ndiye ndinauona ukubwela pamsewu, wakuda, waukulu, phini yamkuwa ikung'anima. Pansi pake panali miyendo inai. Iwili inali ya nsapato zopukuta. Iwili inayo ndikanaidziwa ngakhale pakati pa miyendo chikwi. Podutsa pa mango paja nsalu inatseguka pang'ono, Olipa anandiyang'ana, maso ake anafika pa shati yanga yomata pathupi, ndipo anakoka nsalu natseka.

Ndinaliladi, poti mvula inali kundibisila. Koma ndinayang'anitsitsa mpaka anakhota, ndipo Dobi ananena zoona pa chinthu chimodzi. Analowamo awili, ndipo sananyowe ngakhale khutu.