Nkhondo ya Swichi ya M'holo

M'masiku amenewo, m'chaka chachisanu cha ulamuliro wa Mayi Wotchi, chaka chimene firiji ya kukhitchini inafa n'kuukanso kawiri, dzuwa la tchuthi chachikulu litawauliratu udzu wa pabwalo la mpira, kunali mtsikana amene ankatsegula zitseko ndi chigongono. Tukulani maso, inu mibadwo ya m'tsogolo, pakuti makutu alibe ntchito kuno, muone zimene ine wophika wa pamsasa ndinaona ndi maso angawa kudzera pa kawindo koperekera mbale.

Sikuti unali ulesi ayi. Manja a mtsikanayu analibe mpata. Kuyambira pamene anatsika basi tsiku loyamba, zala zake zinkalankhula poyenda, zinkalankhula pamzere wa tiyi, ndipo potsuka mano dzanja limodzi linkagwira mswachi linalo likupitiriza nkhani. Choncho chitseko, mpando, mpopi, zonse ankakankha ndi chigongono, mpaka anzake anamupatsa dzina la chinenero cha manja logogoda kawiri pachigongono pomwepo. Ndiye Chigongono ameneyo, Namkuntho wa Zala Khumi, Mtsinje Wosaphwa, Iye Amene Anadzudzula Ndandanda wa Otsuka Mbale kwa Ola Lathunthu Osakanda Pomuyabwa.

Msasa wathu ndi wa achinyamata osamva. Amabwera milungu itatu kudzaphunzira utsogoleri, kutanthauza kuyala bedi, kukonza misonkhano ndi kukangana mwadongosolo. Tonse pamenepo, kuyambira mkulu wa msasa, amene timawatcha Mayi Wotchi chifukwa chogogoda wotchi yawo munthu asanayambe n'komwe kuchedwa, kufikira ine wa miphika, timalankhula ndi manja. Wakumva ndi dalaivala yekha. Amadandaula kuti timakoka mipando ngati tikugumula nyumba, ndipo popeza palibe wina angachitire umboni, timangomupepesa.

Holo yathu ili ndi timawindo tating'ono m'mwamba, kotero getsi limayaka ngakhale masana. Pambali pa chitseko pali swichi imodzi yoyera, yothetheka pakona. Ukafuna kuti anthu makumi awiri ndi asanu ndi awiri akuyang'ane nthawi imodzi sungakuwe. Umathimitsa getsi n'kuyatsanso, mitu yonse n'kutembenuka. Ndipo lamulo la makolo a msasa linati: wophethiritsa getsi ndiye mwini bwalo, ndipo asadulidwe mpaka atatsitsa manja. Lamulo labwino ndithu, koma amene analikhazikitsa anali asanakumane ndi munthu wosatsitsa manja.

Tsono dziwani chimene chinali pamapeto pa zonsezi. Tsiku lotsiriza achinyamata amasankha mmodzi woti adzabwerenso chaka cha mawa kudzathandiza alangizi. Ena onse amene akwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amatsanzika mpaka kalekale, ndipo Chigongono anali atazikwanitsa. Kwawo wosamva ndi iye yekha. Bambo ake amalemba pakapepala kuti "wadya?" n'kubwerera ku wailesi yawo. Mayi ake amadziwa zizindikiro zinayi: idya, gona, bwera, basi. Miyezi khumi ndi umodzi mwanayo amasunga mawu m'mimba, milungu itatu n'kuwakhuthula. Akaluza chisankho, nkhokweyo ilibenso khomo.

Koma palibe mkuntho wopanda phiri louimitsa. Kunali mnyamata wamtali, mwana wa makolo osamva, wokhuta mawu chibadwire, amene ankatha kukana nkhani yonse osatulutsa manja m'thumba, pongokweza tsitsi la pamwamba pa diso. Ndiye Nsidze, Mtambo wa Pamphumi, Chipupa Chosayankha, Wodya Buledi Wapakati. Nayenso ankafuna mpandowo, ndipo kwa masiku asanu ndi atatu ankakweza dzanja kupempha bwalo, bwalo osalipeza.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Chigongono ali pa mfundo yachisanu ndi chimodzi yokhudza kapachikidwe ka matawulo, getsi linathima n'kuyaka. Mitu inatembenuka. Pansi pa swichi panaima Nsidze, chala chili chiimire.

Namkuntho anatambasula manja ake mpaka kumapeto, monga achitira wolankhula ku mtundu wonse, nati: "Inu ana a msasa uno, odya mpunga umodzi, ogona pamabedi osanjikiza, onani chimene chachitika pakati panu lero! Kodi manja angawa agwa? Kodi afika m'chiuno? Iwe mlongoti wopanda mbendera, anakuphunzitsa ndani kulowa m'kamwa mwa mnzako ndi nsapato?"

Nsidze anakweza nsidze yakumanzere, holo yonse n'kuzizira. Kenako anatulutsa dzanja limodzi. "Aise, tafika Lachiwiri. Unayamba Lolemba la sabata yatha."

Pomwepo mtundu unagawanika, khumi ndi atatu kwa Chigongono, khumi ndi anayi kwa Nsidze, ndipo inayamba nkhondo imene okalamba a msasa amaitcha Kuphethira Kwakukulu. Chala chinathimitsa, chigongono chinayatsa. Chigongono chinathimitsa, chala chinayatsa. Makosi anatopa ndi kutembenuka, mawu anaduka pakati m'mdima n'kutulukira kuwala atasanduka ena, mpaka pa kuphethira kwa makumi anayi babu linapereka moyo wake. Dalaivala anabwera akuthamanga ndi chozimitsira moto. Ovulala anali awiri: mtsikana mmodzi mutu unamupweteka, ndipo kapu ya tiyi inatayikira pa buku la malamulo. Mayi Wotchi anakwera patebulo, naika babu lina, naonetsa katoni yopanda kanthu kuti aliyense aone kuti limenelo ndi lotsiriza.

Nkhondo inalowa m'tchire. Ankhondo a Nsidze anamata tepi paswichi. A Chigongono anaikanganula n'kumata pampando wa Nsidze. A Nsidze anaba jamu wanga n'kupaka paswichi, podziwa kuti mwa ziwalo zonse za munthu chigongono ndicho sichinyambitika, ndipo tsiku lonse Mtsinje Wosaphwa anayenda ndi njuchi ziwiri zikumuperekeza. Sanasiye kulankhula. Za jamuyo sindinakhululuke mpaka lero.

Ndiye linafika tsiku lotsiriza. Zikwama zinali mbwee pakhonde, basi inyamuka masana, ndipo Mayi Wotchi analengeza kuti ikakwana teni koloko awerenga manja okwezedwa, asaonjezerepo mphindi. Aliyense wopikisana alankhule kaye. Chigongono anafika msanga paswichi, naphethiritsa getsi, nakweza manja.

Apo m'pamene Nsidze anatulutsa chida chimene anachisula mobisa kuseri kwa nsalu zoyanika, kumalo okhawo kumene wosamva anganong'one. Anatsitsa nsidze zonse ziwiri, ndipo anthu khumi ndi anayi anapinda manja pachifuwa n'kutseka maso.

Inu akumva simungadziwe kulemera kwake. Inu mukatseka makutu mawu amadontherabe. Ife tikatseka maso, wolankhulayo wafa. Palibe chitonzo choposa chimenecho. Ine ndinamuchitira mwamuna wanga kamodzi kokha, ndipo anagona kwa mlongo wake sabata yathunthu.

Koma akatswiri a kuseri kwa nsalu anaiwala chinthu chimodzi. Anapangana potsekera, sanapangane potsegulira. Wotseka maso sadziwa ngati mdani wamaliza, sadziwa ngati anzake atsegula, ndipo palibe amene ankafuna kukhala woyamba kusuzumira n'kutchedwa wogulitsa mtundu. Anaima chomwecho, ngati mitengo ya mpanda, mphindi zikupita. Chokhacho chodutsa chikope chotseka ndicho kuphethira kwa getsi, ndipo paswichi panatsamira chigongono cha Chigongono.

Mayi Wotchi anayang'ana wotchi. "Kwatsala mphindi zinayi. Ine sindigwedeza phewa la munthu, ndipo wina asayerekeze. Mtsogoleri wotseka maso pa tsiku la chisankho wasankha kale. Ndiwerenga manja amene ndiwaone."

Khumi ndi atatu aja anavina osasuntha mapazi, kuopa kuti pansi panganjenjemere n'kudzutsa adani. Mnzake wa Chigongono, wogona bedi la pamwamba pake, anamuyandikira. "Mwana wa mayi, wapambana. Chotsa chigongonocho pakhomapo. Ingokhala phee mphindi zinayi. Zinayi zokha, ndakugwira mwendo."

Chigongono anayang'ana nkhope khumi ndi zinayi zotsekedwazo. Ndipo ine wophika, amene ndinaona firiji ikuuka kwa akufa, ndinaona chachikulu kuposa chimenecho: manja aja anaima. Anatsika pang'onopang'ono mpaka m'chiuno, zala zili lende ngati masokosi pachingwe. Mphindi imodzi inadutsa. Yachiwiri inadutsa theka.

Kenako chigongono chinasuntha. Getsi linathima, n'kuyaka.

Maso makumi awiri ndi asanu ndi atatu anatseguka, akuphethiraphethira. Namkuntho anakweza manja ake nati: "Monga ndimanena," n'kupitiriza mfundo yake yachitatu mpaka Mayi Wotchi anagogoda wotchi. Nsidze sanapeze mpata wolankhula, koma sanaufunenso. Manja anawerengedwa kawiri. Khumi ndi anayi, khumi ndi atatu.

Nsidze, wopambanayo, anayenda mwaulemu kupita kuswichi imene anaimenyera nkhondo masiku khumi ndi awiri. Anaphethiritsa getsi, holo yonse n'kuima kudikira uthenga umene unapsereza babu ndi kutha jamu wa sabata yathunthu. Anatulutsa manja onse awiri m'thumba.

"Chitseko cha bafa la anyamata chilibe loko."

Anabweza manja m'thumba. Mayi Wotchi analemba.

Mtendere unasainidwa kuseri kwa ndandanda wa otsuka mbale, aliyense akudinda chala m'jamu wotsala. Pangano linati kuyambira lero wolankhula atsitse manja dzira likapsa, ndipo wophika azinyamula dziralo m'mwamba monga chizindikiro. Babu lakufa lija analimanga pa chingwe cha nsapato, Nsidze n'kuliveka m'khosi mwa Chigongono, atagwada bondo limodzi chifukwa cha kutalika. Manja onse anagwedezeka m'mwamba, kumene ndiko kuwomba m'manja kwathu, kenako mapazi anapondaponda pansi mpaka makapu anayenda okha patebulo, dalaivala n'kukakhala m'basi mawindo atatseka.

Anthu akunyamula zikwama, Chigongono anabwera kukhitchini kudzabweza kapu, babu likulendewera pachifuwa. Maso anali ofiira. Sindinafunse za maso.

"Wapusa," ndinamuuza. "Mpando unali m'manja. Chifundo chimenechi unachitola kuti?"

"Chifundo cha chiyani, azakhali? Ndinali ndisanamalize."

Ndinapitiriza kupukuta mphika. Iye anayang'ana kukhoma la khitchini, pamene pali swichi yanga yakuda ndi mafuta.

"Nkhope zoterozo ndimalankhula nazo tsiku lililonse kwathu," anatero, manja ali pafupi ndi mimba. "Kungoti kwathu kulibe swichi."

Ndinaika mphika pansi. "Chaka cha mawa ndikufuna wosenda mbatata. Mayi Wotchi anandilola kale kufuna munthu, ndipo mbatata sifunsa zaka. Thumba limodzi m'mawa, lina masana. Koma udziwiretu: dzanja limodzi mpeni, linalo mbatata. Wosenda salankhula."

"Maola angati?"

"Anayi."

"Anayi! Azakhali, mukufuna kundipha?"

"Otsalawo makumi awiri ndi ako."

"Atatu."

"Anayi, ndipo jamu usamuyandikire."

Anayang'ana manja ake, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati akuwatsanzika popita kunkhondo ina. Kenako anatambasula lamanja. Ndinamupatsa kampeni kanga kakale ka chigwiriro chosweka kuti akaphunzirire kwawo, kumene nthawi yokhala chete sisowa. Anakakulunga m'sokosi, nakaika m'chikwama pamodzi ndi babu lakufa, natseka zipi ndi mano, chifukwa manja anali atayamba kale kundifotokozera kuti mashelefu a khitchini yanga ndinawasanja molakwika, ndipo pali mfundo zisanu ndi ziwiri. Anali pa yachiwiri pamene anakankha chitseko ndi chigongono.