Mipando Yagolide Pansi, Mwana Wanga M'mwamba

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Maphunziro m'chigawo chathu chino,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu, Bwana, inuyo, ana anu ndi onse amene amakutsegulirani zitseko.

Ine ndine Shaaban, uja amayenda m'misewu ya kuseri kwa siteshoni akugogoda silinda ya gasi ndi sipanala kuitana ogula. Ngati munatukwanapo munthu wa gasi pawindo m'mamawa, mwina ndinali ine, ndipo ndinakukhululukirani kalekale. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mukapeza mawu okhota muwawongole nokha, odziwa ndinu. Ndalemba kuti ndithokoze. Mkazi wanga Nagat akuti kalatayi ndisatumize, akuti munthu wothokoza boma mopitiriza muyeso amaitanidwa kuti akafotokoze bwino. Koma ine ndaumirira.

Mwana tili naye mmodzi, Sondos, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Miyendo yake siinagwirepo ntchito chibadwire, amayenda pa chikuku. Pakamwa pokha ndiye pamathamanga, anatengera amayi ake. Chaka chino wakhoza, walowa kalasi yachitatu, ndipo kalasi yachitatu pasukulu yathu ili m'mwamba mwenimweni, kufupi ndi nkhunda.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kamtsetse ka simenti kamene munatimangira pageti. N'kosalala, n'kopaka penti ya buluu, ndipo munabwera nokha kudzadula riboni. Ndikuchitira umboni kuti chikuku chimakwerapo bwino zedi. Chimayenda mpaka pansi pa masitepe, n'kuima. Pamenepo ndi pamene boma limathera, n'kuyambira ine.

Chachiwiri, zikomo pokhulupirira msana wanga. Nditapempha kuti kalasiyo itsikire pansi, aphunzitsi aakulu, a Ustaz Fathi, anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Abu Sondos, bambo wa Sondos iwe, wokweza masilinda mpaka padenga, kamwana aka kangakulemere?" Sananame. Koma silinda, Bwana, siikula. Yadzulo ndi yalero kulemera kwake n'kumodzi. Silinda siichita manyazi anzake akamaiyang'ana, ndipo siikunong'oneza m'khutu kuti, "Baba, fulumirani, anyamata aja akubwera." Ndikamukweza ndimatsikanso kukatenga chikuku. Nthawi imeneyo amayi a m'dera lathu ali pamakonde kudikira gasi, nyemba zili ziwisi pachitofu, ndipo mayina amene amanditchula ndikafika sindingawalembe m'kalata yopita kwa munthu ngati inu.

Chachitatu, zikomo pomuphunzitsa mwana wanga kusala. Zimbudzi zili pabwalo, pansi, ndipo masana ine ndimakhala kutali ndi masilinda anga. Mwanayo anapeza yekha nzeru: samamwa madzi kuchokera m'mawa mpaka poweruka. Ife akulu timasala mwezi wa Ramadani wokha n'kumadandaula, iye akusala chaka chonse, kutentha konseku. Mwezi wathawu anadwala chikhodzodzo, thupi linatentha ngati uvuni wa buledi. Adokotala anakalipira Nagat ngati kuti ndiye anamanga sukuluyo.

Chachinayi ndi mendulo. Belu lopuma likalira anzake amathamangira pabwalo, iye amatsala pawindo kulondera zikwama, ndipo mpaka lero palibe chimene chinasowa. Koma pa tsiku lokumbukira anthu aulumali anamutsitsa, anamuika patsogolo pa mbendera, anamuveka mendulo, anamujambula. Anafunsa aphunzitsi ake, a Abla Ibtisam, kuti wapambana mpikisano uti, iwo anamuuza kuti amwetulire kaye. Ndingokutsinani khutu, Bwana, kuti m'kanjira ka kwathu ana amasewera mpira wa masokosi, ndipo anyamata amakanganirana Sondos. Akakhala pagolo, chikuku chimatseka theka, manja ake theka linalo, pakamwa pake n'kumalizitsa wofuna kugoletsayo. Kumeneko palibe anamupatsapo mendulo. Amangomupatsa mpira.

Tsopano chachisanu, ndipo pano ndigwire mtima. Pansi penipenipo, moyang'anizana ndi zimbudzi, pali chipinda chachikulu cha chitseko chotakata, chokhoma ndi loko. Ndinachiona tsiku lina ndikukasiya gasi wophikira tiyi wa aphunzitsi. Muli mipando ya miyendo yagolide yokutidwa ndi pulasitiki, kapeti, maluwa osafota ndi chithunzi chanu. Ndi chipinda cha alendo, ndipo mlendo wake ndinu. Ine zimenezi ndimazimvetsa. Tonse kunyumba tili nacho chipinda chotere. Ife timagona mothithikana ngati nsomba za m'chitini, mipando ya alendo ili phee payokha, mwana akangoikhudza walandira khofi. Ndi mwambo wathu, mlendo ndi mfumu. A Ustaz Fathi akuti kukweza mlendo masitepe n'chamanyazi, anthu angatiseke mpaka ku likulu. Musawaimbe mlandu, ndi munthu wabwino, amangoopa kuti akasuntha mpando umodzi mudzamva, n'kuwasamutsira kusukulu ya m'chipululu kumene basi imafika ikafuna.

Akuti mumabwera kamodzi pachaka, mumamwa theka la kapu ya tiyi, n'kunyamuka. Sindikudandaula, munthu wamkulu samaliza tiyi. Ndikungoti mipandoyo ili ndi mwayi. Ili pansi, pamphepo yabwino, pafupi ndi chimbudzi chimene siichifuna.

Pofuna kutithandiza, a Ustaz Fathi atipatsa njira ina. Akuti tisainire kuti Sondos aziphunzirira kunyumba, azingobwera nthawi ya mayeso. Akuti n'zololedwa, ndipo aliyense apuma. Nagat poyamba anakana, koma chichokereni kwa adokotala kuja wafewa. Wanena kuti ikadutsa Idi ikubwerayi zinthu zili chomwechi, asaina, chifukwa bola mwana wosadziwa kugawa manambala kusiyana ndi mwana wogonekedwa m'chipatala. Koma kunyumba kwathu mphunzitsi angakhale ndani? Ine ndimatha kuwerenga masilinda, Nagat amatha kuwerenga zolakwa zanga.

Sondos anamva zonsezi, paja makoma athu ndi opyapyala. Sanalire. Wangoyamba kusiya chakudya m'mbale, ngakhale mpunga wa mphodza umene amaukonda. Nditamufunsa anati akufuna apepuke, kuti ndisatope naye. Bwana, ine ndanyamula zinthu zambiri pa moyo wanga, koma mawu amenewa ndikulephera kupeza powagwira.

Choncho ndikugwada, ndikupsompsona dzanja lanu, ndi pempho laling'ono kwambiri. Sindikupempha chikepe, magetsi ake ali kuti? Sindikupempha komiti, ndamva kuti komiti ikakhala pansi imadzuka mwana atakwatiwa. Ndikupempha lamya imodzi yokha kwa a Ustaz Fathi, muwauze kuti simukwiya kalasi yachitatu ikalowa m'chipinda chanu, mipando n'kukwera m'mwamba. Musafune munthu woinyamula. Ndidzaikweza ndekha, mwaulemu, pulasitiki yake osang'ambika, chithunzi chanu ndidzachipachika pamalo poonekera bwino kuposa pamene chili. Ndi yolemera, ndaiona, koma ndidzainyamula tsiku limodzi basi, ndipo siidzafuna kutsika masana.

Koma ngati nzeru zanu, zimene ndi zakuya kuposa zanga, zaona kuti mipandoyo iyenera kukhalabe pansi, sinditsutsa. Ndingopempha kuti Idi isanafike muilembetse sukulu, muigulire mayunifolomu, iyambe kuphunzira. Malo a mwana yatenga kale, asapite pachabe.

Mulungu atalikitse masiku anu ndi kulimbitsa mawondo anu.

Ine wantchito wanu wa pansi pa masitepe,

Shaaban Abdel Ghani,
bambo ake a Sondos, wogulitsa gasi kuseri kwa siteshoni