Tsiku Limene Ndinakana Kugwedeza Kapu

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti a Jafali ayamba kale kuifalitsa ku Umm Ghuwailina konse, dera limene timakhala Amalawife, n'kumathiramo ndi mchere wawo, bola ndidzivule ndekha.

Ine ndine Yusufu, dalaivala wa basi ya timu ina ya basketball kuno ku Doha. Za mpirawo musandifunse. Yanga ndi kunyamula anthu aatali ngati mapolo a magetsi, kuwatula ku training, kuwadikira, kuwabweza. Season ikamayenda ndimakhala munthu wofunika. Ikatha, basi imangokhala pa parking, ine n'kumaipukuta ili yoyera kale kuti ndizioneka wotanganidwa.

Nyengo yopumayo ndi imene mabwana amakhala pansi kusankha otsala ndi opita. Chaka chimenecho timu inangokhalira kudyedwa, ndiye tsache linadutsa mwamphamvu. Kochi anapita. Womuthandizira anapita. Mapuleya anayi anatsatira. Onsewo wowaperekeza ku airport ndinali ine, masutikesi awo ndikunyamula ine.

Ofesi ya bwana wamkulu, amene kuno timati mudir, ndi ya magalasi okhaokha, ndipo ukaima pa parking umaona zonse. Ine, munthu wodziyesa wochenjera chibadwire, ndinayamba kafukufuku. Ndinaona kuti aliyense woitanidwa amakhala pa sofa, kenaka a Osman, mdala wa ku Sudan wosamala za mu ofesimo, amamuthirira gahwa, khofi wa Aluya uja, m'kakapu kopanda chogwirira. Munthuyo amamwa kamodzi, kawiri, kenaka n'kugwedeza kakapuko. Akangotero, a Osman amalandira kapu n'kutuluka, mudir n'kutsegula faelo. Mawa lake, ine ndi munthu uja tili pa msewu wa ku airport.

Anthu asanu ndi mmodzi, onse chimodzimodzi.

Ndinakawafotokozera a Jafali, mnzanga wa ku Machinga amene ndi gadi pa geti lathu. Anamvetsera atagwira chibwano.

"Achimwene, mwatulukira chinsinsi," anatero. "Kugwedezako ndiye kusaina. Munthu amavomera yekha kuti ndichotseni."

Tinagwirizana kuti anthu akuno ndi aulemu kwambiri, sangakuchotse ntchito usanavomere ndi dzanja lako. Dziwani kuti zaka zitatu zonse zimene ndagwira ntchitoyi khofi ameneyo ndinali ndisanapatsidwepo. Madalaivalafe timangomwa karak, tiyi wa mkaka wa m'kapu ya pepala, titaima pamsewu.

Contract yanga inkatha mwezi womwewo. Nyumba yanga ku Liwonde inali itafika pa lintala, denga kulibe, ndipo mayi a ana anali atauza kale mpingo wonse wa abale kuti chaka chino tilowamo. Ndinkaopa kwambiri kubwerera.

Lachiwiri m'mawa foni inalira. Mudir akundifuna.

Ndinafika pa geti. A Jafali anandigwira paphewa.

"Osagwedeza. Olo dzanja liyabwe, osagwedeza."

Ndinalowa. Mudir anandilandira bwino, n'kundikhazika pa sofa yomwe ija. Anafunsa za moyo wanga, za ana, za mvula kwathu. Pa tebulo panali faelo, ndipo pachikuto pake panali dzina langa.

A Osman anathira. Ndinamwa. Kunena zoona khofiyo ndi wowawa ngati mankhwala a malungo, koma ndinameza ndikumwetulira. Ndinabweza kapu ndi manja awiri monga tinaleredwera, mosamala ngati ndanyamula dzira. Osagwedeza.

A Osman anathiranso.

Yachitatu. Yachinayi. Mudir anafunsanso za ana omwe aja. Ndinati akadali bwino. Anayang'ana wotchi, n'kuika dzanja pa faelo, koma osaitsegula. Mumtima ndinati: eya, mwagwa nayo, lero mwakumana ndi Mmalawi!

Pa kapu yachisanu ndi chiwiri a Osman anandiyang'ana m'maso, n'kugwedeza dzanja lawo pang'ono, kundionetsa chochita. Ndinakwiya nawo. Mdala amene ndimamunyamula ulere mpaka kunyumba kwake ku Al Hilal, lero akufuna kundigulitsa? Ndinayang'ana kudenga.

Khofi anatha m'ketulo. Ndinayesa ndapambana. A Osman anatuluka akung'ung'udza m'chinenero chawo, n'kubwera ndi ketulo ina yodzadza.

"Mashallah, Yusufu," anatero mudir. "You really like gahwa."

"Very much, sir."

Pofika yakhumi thukuta linali kamukamu, AC ikuwomba. Mtima unkagunda m'makutu. Kumunsi nako kunayamba kutumiza uthenga wa emergency, moti ndinapingasa miyendo. Nkhani za ana zinali zitatha, za mvula zitatha, mudir anafika pondifunsa ngati kwathu kuli ngamila.

Pa kapu ya nambala fotini dzanja langa linandipandukira. Linayamba kunjenjemera lokha chifukwa cha khofi. Ndinaligwira ndi linzake, onse awiri n'kuyamba kuvina. Kakapu kaja kanagwedezeka bwinobwino, aliyense akuona.

"Alhamdulillah!" anafuula a Osman, n'kutsomphola kapuyo, ulendo wa panja.

Mudir anatsegula faelo.

Apa nzeru zonse zinandithawa. Ndinangozindikira ndagwada pa kapeti, pakamwa pakuyenda pokha m'Chingerezi chothyokathyoka. Ndinaganiza kuti popeza zonse akuzidziwa, bola kulapa, mwina achita chifundo. Ndinati bampala ya basi ija sanaigunde munthu wosadziwika, ndinali ine pobwerera m'mbuyo. Ndinati Lachisanu lililonse basi simakhala pa parking ayi, imakanyamula Amalawi ku Umm Ghuwailina kupita nawo ku mpira wathu wamiyendo. Ndinaululanso za nsapato za saizi fote naini zimene puleya wina anasiya m'basi, kuti ndinawatumizira alamu anga, ndipo amavala atatsendera nsanza kutsogolo.

"Koma chonde bwana, nyumba ilibe denga. Kapuyo sindinagwedeze dala."

Mudir anatembenuza faelo ija kuti ndione. Munali contract yatsopano ya zaka ziwiri, ndi chithunzi cha puleya amene timu inali itangomugula. Anati mnyamatayo ndi wamtali kuposa onse amene ndinanyamulapo, ndiye amafuna ndipititse basi ku garaja akachotse mpando umodzi wakutsogolo, Lachinayi ndikamutenge ku airport.

"Khalas, zatha. Nkhani ya five minutes," anatero. "Iwe watha ola lathunthu."

Anafunsa za kapu zimene ndinkanenazo. Nditafotokoza kafukufuku wanga, anaseka mpaka kuvula magalasi. Anaitana a Osman kuti adzamve nawo. Mdalayo sanaseke. Anandiuza mosanyengerera kuti kugwedeza kapu ndi kunena kuti zikomo, ndakhuta. Ukabweza osagwedeza ndiye kuti ukufuna wina, ndipo mudir, mwa ulemu wake, sayamba nkhani ya ntchito mlendo akadamwa.

Ndinasaina. Siginecha yanga inatuluka ngati nyongolotsi yopondedwa. Ndisanatuluke, mudir anati basi aiika tracker mawa lomwe, ndipo nsapato zija alamu anga asunge, zawakhala kale.

Ndinadutsa pa geti ndikuthamanga, kulunjika ku toilet ya magadi.

"Mwagwedeza?" anakuwa a Jafali.

Ndinawayankha nditatuluka, ndipo zimene ndinawauza sindingazilembe pano. Iwo anangoti kafukufuku anali wanga, iwo anangothandiza kuvomereza.

Pano Lachisanu anzanga amapita ku mpira pa metro, ndipo akatsika n'kuyenda padzuwa lija amatchula dzina langa. A Osman akandiona amabisa ketulo. Timu yonse imanditcha Abu Gahwa, kutanthauza bambo wa khofi. Chopweteka kwambiri chinachitika tsiku limene kochi watsopano anafika. Mudir anatiimika tonse mu holo, natchula mapuleya mmodzimmodzi, kenaka n'kuloza ine.

"Uyu ndi dalaivala. Chaka chino pa timu yonseyi, defence yeniyeni anasewera ndi iyeyu. Makapu fotini, osalola kanthu kudutsa. Kenaka anakagoletsa yekha kwawo katatu."

Ndiye abale anga, mukaitanidwa ku ofesi, gwedezani kapu msanga, pakamwa ndiye posagwedeza.